Za Mafupa Opezeka Kuthengo

Nyengo ya dzinja ikafika, mvula nigwa yamphamvu, nikumba zigwembe m'minda ndi m'mbali mwa mitsinje, nthaka imaulula zimene inabisa zaka zambiri. Wina polima amva khasu lake lagunda chinthu choyera. Anyamata oweta mbuzi atola chibade m'phanga nasewera nacho. Oumba njerwa pokumba dothi apeza mano ndi nthiti. Pamenepo pauka mafunso awiri. Loyamba ndi ili: Kodi fupali ndi la munthu kapena la nyama? Lachiwiri ndi lolemera koposa: Likakhala la munthu, kodi tikanene ku Boma, kapena tikwirire msanga ndi kukhala chete?

Ambiri a ife timasankha kukhala chete. Sititero chifukwa cha kuipa mtima ayi, koma chifukwa cha mantha. Tiopa kuti apolisi adzagwira wonenayo. Tiopa kuti anansi adzanong'onezana nati, Anakafunako chiyani kumeneko, si mfiti kodi ameneyu? Tiopanso kutaya masiku poyendera mlandu ku Boma pa nthawi ya kupalira. Mantha amenewa sitiwaseka, pakuti ifenso tiwadziwa. Koma tisanaweruze, tiyeni timve mbiri ya mafupa ena amene anapezeka m'maiko athu ano, tione chimene chinatayika pamene anthu anachita mwaphuma, ndi chimene chinapindulika pamene anadekha nakauza oyenera.

Chibade cha ku Kabwe

M'chaka cha 1902 Mzungu wina wofunafuna miyala ya mtengo, dzina lake T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki, ija akutira nayo malata, pa timapiri ta m'dziko la Alenje, m'dziko limene pambuyo pake linatchedwa Northern Rhodesia, ndipo lero ndilo Zambia. Anatcha malowo Broken Hill, potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika kumeneko m'chaka cha 1906, ndipo amuna anasonkhanako kuchokera kutali kudzafuna ntchito, ena mwa iwo a ku Nyasaland. Zambia atalandira ufulu, mzindawo unatchedwa Kabwe.

Pokumba kaphiri kamodzi, antchito anaboola phanga lalitali lotsetserekera pansi, ndipo taonani, linali lodzala ndi mafupa a nyama zamitundumitundu, pamodzi ndi miyala imene anthu akale anaisema kuti ikhale mipeni yawo. Tsono mafupawo, pokhala m'nthaka yotere zaka zosawerengeka, anamwa mtovu ndi zinki, nalemera ngati mwala wa mgodi womwe. Eni mgodi poona ichi sanawayese mafupa, koma chuma; nawakweza m'ngolo, nawaponya m'ng'anjo, nawasungunula. Owerengeka okha anatumizidwa kwa anthu ophunzira, ochuluka anapsa.

Pa 17 June 1921 Mzungu wa ku Switzerland, dzina lake Tom Zwigelaar, analikugwira ntchito pamodzi ndi munthu wakuda ku mathero a phangalo, mapazi ngati 90 pansi pa nthaka. Pogumula dothi lofewa anaona chibade cha munthu, mano a m'mwamba ali m'malo mwake, koma nsagwada ya pansi panalibe. Dzina la Mzunguyo lalembedwa m'mabuku ambiri. Dzina la mnzake wakudayo sanalilembe. Ichi ndi choyamba cha zinthu zimene zinatayika tsiku lija.

Chibadecho chinali cha munthu ndithu, koma chosiyana ndi chathu. Pamwamba pa maso panali fupa lochindikala, lotulukira kunja ngati khonde la nyumba. Mphumi inali yaifupi, yothawira kumbuyo. Nkhope yaikulu ndi yotakata. Ndipo malo a ubongo anali ocheperapo pang'ono poyerekeza ndi athu. Mano ambiri anali obooka, ndipo mafinya anadya fupa la m'nkhama, kotero kuti tingathe kunena kuti munthu ameneyu anachezera usiku wambiri ndi dzino, monga tichitira ife lero.

Chimene chinapulumutsa chibade ichi ku ng'anjo ndi chakuti ochipezawo anakachionetsa kwa akulu a mgodi. Iwowa anachipereka ku nyumba yosungira zinthu zakale ku London chaka chomwecho, ndipo kumeneko katswiri wina, Arthur Smith Woodward, anachipima, natcha mwini wake Homo rhodesiensis, ndiko kunena, munthu wa ku Rhodesia. Chinali chibade choyamba cha munthu wakalekale wotere kupezeka mu Africa, ndipo mbiri yake inamveka m'maiko onse.

Koma tamverani chimene chinalakwika. Tsiku lija panalibe munthu amene anaimitsa ntchito, kapena kuyesa malowo, kapena kulemba kuti fupa lakuti linagona pakuti. Kukumba kunapitirira. Fupa la msongolo linapezeka pafupi ndi chibadecho. Koma ena, monga zidutswa za m'chiuno ndi za ntchafu, ndi nsagwada ya m'mwamba ya munthu wachiwiri, anatoledwa pambuyo pake, ena a iwo pa milu ya dothi lotayidwa. M'chaka cha 1925 katswiri wina wa ku America, Aleš Hrdlička, anayenda ulendo wautali kufika ku Broken Hill, nafunsa mmodzimmodzi anthu amene analipo. Koma patapita zaka zinayi, mawu awo sanagwirizane, wina anena ichi, wina icho. Ndipo kaphiri komweko kanakumbidwa konse kufikira kanasanduka dzenje lalikulu lodzala madzi. Mgodiwo unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma phanga lija linatha kale.

Chifukwa cha ichi anthu ophunzira anakangana zaka 99 za msinkhu wa chibadecho, pakuti nthaka imene ikadawauza inatayika. Kunali m'chaka cha 2020 pamene Rainer Grün, Chris Stringer ndi anzawo, atapima chibadecho ndi mafupa ena ndi timbewu ta dothi timene tinapalidwa pa icho kale, analengeza kuti chili cha zaka pafupifupi 299,000. Ndipo chinthu china chinatayikanso, ndicho chibade chenichenicho. Chikali ku London. Boma la Zambia lakhala likuchipempha kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ponena kuti lamulo la 1912 loteteza zinthu zakale linalipo kale pamene chinatuluka m'dzikomo. Koma ana a sukulu a ku Zambia aona chifaniziro chake chokha.

Mafupa a ku Karonga

Tsopano tibwerere ku Malawi, tione nkhani ina imene inayenda mosiyana. Kumpoto, m'boma la Karonga, kuli zigwembe za dothi lofiira kufupi ndi mudzi wa Mwakasyunguti. M'zaka za m'ma 1920 kunaoneka mafupa aakulu oposa a njovu, olimba ngati mwala. Mbiri yake inafika kwa Frank Dixey, amene anali woyang'anira za miyala m'Boma la Nyasaland. Iye anapita, nalemba malo ake ndi mtundu wa nthaka yake, natumiza mafupawo ku South Africa kwa Sidney Haughton, amene m'chaka cha 1928 analemba kuti ndi a chilombo chachikulu cha mtundu wa dinosaur, zokwawa zija zinatha pa dziko munthu asanaoneke.

Popeza malowo analembedwa bwino, ena anatha kubwererako. M'zaka za m'ma 1980 Louis Jacobs wa ku America anadza ndi anzake, nagwira ntchito pamodzi ndi a Boma la Malawi oyang'anira zinthu zakale, nafukula mafupa ena ambiri. M'chaka cha 1993 chilombocho chinapatsidwa dzina latsopano, Malawisaurus dixeyi, lokumbutsa dziko lathu ndi munthu uja analemba malowo. Chinali cha khosi lalitali ndi mchira wautali, chodya masamba, ndipo chinakhala zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mwana wa dziko lino, Elizabeth Gomani, anaphunzira ntchito imeneyi kufikira anakhala katswiri, ndipo m'chaka cha 2005 iye mwini anatcha dzina chilombo china cha kumeneko, Karongasaurus. Mu 2004 inatsegulidwa nyumba yosungira zinthu zakale pa Karonga pomwe, m'mene munthu wa kumudzi angathe kulowa ndi kuona msinkhu wa Malawisaurus ndi maso ake.

Chinanso chinachitika pa Uraha, kufupi ndi Chilumba. M'chaka cha 1991 Tyson Msiska, amene analikugwira ntchito ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, anapeza nsagwada ya pansi ya munthu wakale, yothyoka pawiri, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Dzino limodzi linali lobenthuka. Tsono popeza anadziwa bwino pamene nsagwadayo inagona, anabwerera chaka chotsatira, nasefa mchenga wambiri pamalo pomwepo, napeza kachidutswa ka dzino kaja. Ku Kabwe kunatayika phanga lathunthu. Ku Uraha sikunatayike ngakhale kabenthu ka dzino. Ndipo dzina la wopezayo linalembedwa. Akulu anati, Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisaiwalenso phiri la Hora m'boma la Mzimba, kumene J. Desmond Clark anafukula mafupa a anthu m'chaka cha 1950, nawasunga ndi zolemba zake. Patapita zaka 67, mu 2017, nzeru yatsopano yopima DNA, ndiwo maumbidwe obisika amene mwana alandira kwa makolo ake, inaonetsa kuti anali a anthu osaka nyama ndi otola zipatso, onga aja makolo athu anawatcha Akafula, amene anakhala m'dziko muno zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, olima ndi osula chitsulo asanafike. Clark sanadziwe kuti nzeru yotere idzabadwa. Koma chifukwa anasunga bwino, adzukulu a ntchito yake anatha kuwerenga zimene iye sanathe.

Fupa lidziwitsa mwini wake

Kapena wina adzati, Izi ndi za anthu ophunzira. Nanga fupa la munthu wa dzulo lingathe kunena chiyani, mnofu utatha? Tikumbuke za Dr. David Livingstone. M'chaka cha 1844, ali ku Mabotsa ku South Africa, mkango unamgwira nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere, pakati pa phewa ndi chigongono. Ndipo fupalo silinalumikizane bwino masiku onse a moyo wake. Iye anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anyamata ake, otsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumitsa thupi ndi mchere ndi dzuwa, nalisenza miyezi isanu ndi inayi kufikira ku Bagamoyo, ku gombe la nyanja yaikulu.

Thupilo litafika ku London mu April 1874, nkhope inali yosazindikirika, ndipo ena anakayika ngati anthu akudawo anabweretsadi mtembo wa Livingstone. Pamenepo dokotala wamkulu, Sir William Fergusson, anapima mkono wamanzere, napeza fupa lija mkango unaliphwanya zaka 30 zapitazo, lili ndi mfundo yake yomweyo. Kukayika kunatha, kukhulupirika kwa Susi ndi Chuma ndi anzawo kunaoneka poyera, ndipo mtembowo unaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Chomwecho fupa lisunga mbiri ya mwini wake. Dokotala akaona mafupa a m'chiuno adziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi, pakuti a mkazi ndi otakata chifukwa cha kubala. Akaona nsonga za mafupa aatali adziwa ngati anali mwana kapena wamkulu, pakuti mwa ana nsongazo zisanamatirire. Kutalika kwa fupa la ntchafu kumuuza msinkhu wa munthuyo. Bala lopola limuuza za ngozi yakale. Bala losapola, la nkhwangwa kapena la chipolopolo, limuuza za imfa yake. Ndipo masiku ano DNA ya m'fupa ingathe kuyerekezedwa ndi ya mayi kapena mbale wamoyo.

Kusiyanitsa fupa la munthu ndi la nyama

Mafupa ambiri opezeka kuthengo ndi a nyama, ndipo ife amene tikula tikusenda mbuzi ndi kugawa ng'ombe pa maliro tiwadziwa koposa anthu a m'mizinda. Koma ndi bwino tikumbutsane zizindikiro zina.

Chibade cha munthu ndi chobulungira ngati chipanda, ndipo nkhope ndi yaing'ono, yokhala pansi pa mphumi; cha nyama ndi chachitali, cha mphuno yotulukira kutsogolo. Bowo lolowera msana mwa munthu lili pansi pa chibade, chapakati, pakuti munthu ayenda choimirira. Mwa nyama ya miyendo inayi lili kumbuyo. Nsagwada ya munthu ili ndi chibwano chotulukira kutsogolo, chimene palibe nyama ili nacho, ngakhale nyani. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ondandalikana mokhota, osatalikirana kwambiri msinkhu. Nyani, galu ndi fisi ali ndi mano aatali osongoka. Ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi agwape alibe mano akutsogolo m'mwamba. Mafupa a m'chiuno mwa munthu apanga ngati mbale. A nyama ndi aatali ndi opapatiza. Ndipo fupa la mwendo lowongoka, lokhala ndi timitu tiwiri ku nsonga kumene ziboda zilumikizana, ndi la nyama ya ziboda, si la munthu ayi.

Tiyang'anenso zimene zili pafupi. Pakakhala nsalu, mabatani, nsapato kapena pulasitiki, kapena fupa likali ndi mafuta ndi fungo, imfayo ndi ya posachedwa. Pakakhala mapale a mbiya zachilendo, mikanda yakale, kapena miyala yosema, ndi manda a anthu akale. Fupa likalemera ngati mwala, ndi la kalekale ndithu.

Komatu tichenjere. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo ambiri a iwo, monga nthiti, a msana, ndi timafupa ta m'manja ndi m'mapazi, afanana kwambiri ndi a nyama. Mafupa a khanda munthu angawayese a kalulu kapena a galu wamng'ono. Fupa likathyokathyoka kapena kupsa, ngakhale dokotala afuna nthawi ndi zipangizo kuti aweruze. Chifukwa chake zizindikiro izi zitithandize kudziwa nthawi yokanena, koma zisatipatse mtima wodziyesa oweruza. Pamene tikayika, tichite monga ngati fupalo ndi la munthu. Safunsa anadya phula.

Chifukwa chake cha kukanena

Dziko lathu ladzala ndi manda opanda chizindikiro. Alipo amene anagwa m'njira za akapolo popita ku nyanja. Livingstone mwini anaona mafupa a anthu ali mbwee m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1863, pambuyo pa nkhondo ndi chilala. Alipo amene anafera m'mapiri pothawa nkhondo za Angoni, amene anaphedwa pa nkhondo ya pa Karonga mu 1914, amene anatengedwa ndi chimfine cha 1918, ndi amene anakomoka m'njira pofuna chakudya m'njala ya 1949. Aliponso midzi imene inasamuka, nkhalango za manda ake nizidulidwa, nizisanduka minda. Chotero kupeza fupa la munthu m'munda mwako si chizindikiro cha mlandu wako, kapena cha tsoka, kapena cha ufiti.

Koma pakati pa mafupa akalewo pangakhale limodzi la munthu amene akali kufunidwa. Tonse tidziwa nyumba imene mwana wake anachoka kunka ku ntchito osabweranso, ndipo amayi ake sadziwa ngati alire maliro kapena ayembekeze. Tidziwa nkhalamba zosokonezeka mutu zimene zinatuluka m'mawa osapezeka, ndi ana amene anatengedwa ndi madzi. Tikakwirira fupa mobisa, kapena tatseka pakhomo pamene banja lina likadalandirira yankho. Ndipo ngati munthuyo anachita kuphedwa, kukhala chete kwathu kwatchinjiriza womuphayo. Nkhani iyi si yatsopano. Owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti m'Deuteronomo chaputala 21 muli lamulo la munthu wopezeka ataphedwa kuthengo, wosadziwika womupha: akulu a mudzi wapafupi sanaloledwe kulambalala, koma anayenera kuusenza mlanduwo poyera.

Pali chifukwa chinanso chowawa. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 kunabuka m'Malawi kuphedwa kwa abale athu achialubino, ndi kufukulidwa kwa manda awo, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo abweretsa chuma. Tinene mosabisa: fupa la munthu wachialubino ndi fupa monga lathu, mulibe golide, mulibe mankhwala, mulibe mwayi. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango cha wopezeka ndi ziwalo kapena mafupa a munthu popanda chilolezo. Tsono taonani kuopsa kwake: munthu wosalakwa amene atola fupa nalisunga m'nyumba, kapena m'nkhokwe, poti adzaonetse anzake, wadziika yekha pa malo a wolakwa. Ndipo wina akadza mwamseri kudzafunsa kugula fupa, ameneyo ndiye woyenera kumnenera msanga koposa onse.

Za zinthu zakale nazonso malamulo alipo. Ku Malawi kuli lamulo la 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale, ndipo ku Zambia kuli la 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission. Onse awiri afuna kuti wopeza chinthu chotere adziwitse Boma, asachikumbe yekha, kapena kuchigulitsa, kapena kuchitulutsa m'dziko.

Chimene tiyenera kuchita

Tsono tikapeza mafupa amene tiganiza kuti ndi a munthu, tileke ntchito pamalopo nthawi yomweyo. Tisawatole, tisawatsuke, tisawasonkhanitse pamodzi, tisakumbe pofuna kuona otsalawo. Pakuti kagonedwe kawo ndi nthaka yowazinga ndizo mboni, monga taona ku Kabwe. Tiphimbe malowo ndi mphasa yakale kapena nthambi za minga, kuti agalu ndi mvula zisaononge, ndipo ana tiwaletse kufikako. Amene ali ndi foni yojambula ajambule osakhudza kanthu, koma asafalitse zithunzizo, pakuti ameneyo ndi mwana wa munthu.

Pamenepo tipite tsiku lomwelo kwa mfumu ya mudzi, titatenga mnzathu mmodzi kapena awiri akhale mboni, tikafotokoze tsiku, malo, ndi ntchito imene tinalikuchita. A mfumu aitane akuluakulu odziwa pamene panali midzi ndi manda akale, pakuti kawirikawiri iwo ndiwo ali ndi yankho. Koma nkhani isathere pabwalo. A mfumu pamodzi ndi wopezayo apite ku polisi. Apolisi ndiwo adzaitana dokotala, ndipo mafupawo akaoneka kuti ndi akale, adzadziwitsa a Boma oyang'anira zinthu zakale. Fupa losanduka mwala, ngakhale lili la nyama, nalonso tikanene. Malawisaurus anadziwika motero.

Sitikunamizani kuti njira iyi ilibe zovuta. Apolisi adzafunsa wonenayo mafunso ambiri, pakuti ndiyo ntchito yawo, ndipo kapena tsiku limodzi kapena awiri a ntchito adzatayika. Ndicho chifukwa chake tinena kuti munthu asapite yekha, koma ndi a mfumu ndi mboni. Koma tiyerekeze ndi njira inayo. Wobisa akhala ndi nkhawa masiku onse; mvula ina idzafukulanso, kapena mwana adzaulula, ndipo pamenepo funso silidzakhala lakuti, Unapeza chiyani? koma lakuti, Unabisiranji? Mlandu suola. Ndipo ife anansi tili ndi mbali yathu: tisamloze chala munthu amene wachita choyenera. Kuyambira m'chaka cha 1911 lamulo linaletsa kunenera munthu ufiti. Koma ngakhale popanda lamulo, tikadayenera kuchita manyazi kulipira kukhulupirika kwa mnzathu ndi miseche.

Kufufuza kukatha, mafupa a munthu ayenera ulemu wa maliro. Mwini akadziwika, abale ake amtenge akamuike kwawo. Akapanda kudziwika, mudzi upangane ndi Boma za malo oyenera, ndipo adzukulu akumbe manda monga achitira ndi wina aliyense. Pakuti ameneyo anali ndi amayi ake, anali ndi dzina, ndipo analima kapena kusaka pa nthaka yomweyi tidyapo ife.

Tipempha aphunzitsi kuti afotokoze izi kwa ana a sukulu, makamaka anyamata opita kubusa, pakuti iwo ndiwo ayamba kuona zimene mvula yafukula. Tipemphanso mafumu ndi akulu a mpingo kuti anene nkhaniyi pa misonkhano mvula isanayambe, kuti tsiku limene khasu la wina lidzagunda fupa, asadzayambe ndi kuyang'ana uku ndi uku ngati wina wamuona, koma adzaike khasu pansi, naphimbe malowo, nanyamuke kunka kwa a mfumu.